Malangizo kwa Eni Mashopu a Kompyuta: Kasamalidwe ka Zinsinsi za Makasitomala

Pa tauni yaing'ono iliyonse masiku ano, kaya ndi pa Mponela, pa Lunzu, pa Jenda kapena pa Ntaja, simulephera kupeza kashopu kotayipa makalata, kupulinta, kuchita fotokope, kukonza mafoni ndi kuika nyimbo m'mafulashi. Munthu wokhala pa kompyuta m'kashopu kotere amadziwa nkhani za anthu a m'dera lake kuposa a nyakwawa. Kalata yopempha ngongole imadutsa m'manja mwake, chimodzimodzinso chikalata chogawira chuma cha masiye, zotsatira za kuchipatala, samani ya kukhoti ndi zithunzi za m'foni ya mayi amene wabwera kudzaikitsa galasi lina. Malangizo awa ndi a munthu ameneyu, koma akukhudzanso alembi a m'masukulu ndi m'mipingo, a m'makopaletivi, ndi maejenti a Airtel Money ndi Mpamba. Kompyuta ndi yanu, inde, koma zambiri zimene zili m'menemo zili ndi eni ake. Kasitomala amalipira ntchito imene wakutumani, ndipo nkhani zake zimakhalabe zake.

1. Dziwani malamulo amene akukukhudzani.

Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake, ndipo limatchulanso makalata ndi mauthenga a pa lamya. Kuwonjezera pamenepo pali malamulo atatu. Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalanga olowa m'kompyuta kapena m'foni ya wina popanda chilolezo, ozunza anzawo pa intaneti ndi ofalitsa mavairasi. Copyright Act la 2016 limateteza oimba, olemba mabuku, opanga mafilimu ndi opanga mapulogalamu a kompyuta. Latsopano ndi Data Protection Act la 2024, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Juni chaka chomwecho, ndipo woliyang'anira ndi bungwe la MACRA.

Ambiri amayesa kuti lomalizali ndi la mabanki ndi makampani a mafoni okha. N'zoona kuti oyenera kukalembetsa ku MACRA ndi akuluakulu, monga amene amasunga mbiri za anthu oposa 10,000. Koma udindo wosamala uli pa aliyense amene amatenga mbiri za anthu pa ntchito kapena pa bizinesi yake. Tengani zokhazo zimene ntchitoyo ikufuna, muzigwiritse ntchito pa chimene mwini wake wavomera, musazisunge nthawi yake itatha, ndipo muziteteze kwa osayenera kuziona. Mfundo zonse zotsatirazi zikuchokera pamenepa.

2. Samalani chiphaso cha unzika monga momwe mumasamalira ndalama.

Chichitikireni kalembera wa 2017, pamene bungwe la NRB linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni, palibe chimene chimayenda popanda chiphaso: kutsegula akaunti ku banki, kulembetsa simu khadi, kugula feteleza wotsika mtengo, kufunsira ntchito. N'chifukwa chake fotokope ya chiphaso ndiyo ntchito imene imakupezani kawirikawiri. Tsono tasuzumirani m'katoni imene ili pansi pa makina anu. Mupezamo mapepala amene anatuluka oderapo kapena odukira m'mbali, koma dzina, nambala, tsiku lobadwa ndi nkhope zikuoneka bwinobwino. Madzulo mwana wa mayi wogulitsa mandasi amabwera kudzapempha mapepala okulungira, ndipo m'mawa mwake chiphaso cha aphunzitsi aakulu chili m'manja mwa aliyense wogula mandasi pa siteji.

Pepala lolakwika m'patseni mwini wake pamodzi ndi labwinolo. Akalikana, ling'ambeni ting'onoting'ono iye akuona, ndipo zinyalala zotere muzizitentha nokha poweruka. Ngati munachijambula chiphasocho ndi sikana kapena ndi foni yanu kuti mupulinte, fufutani chithunzicho ntchito ikangotha.

Kwa maejenti, chenjezo ndi lalikulu kuposa apa. Kuyambira 2018 simu khadi iliyonse imayenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake. Akamberembere aja amatumiza uthenga woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kapena kuimba kuti mwapata mphoto, amasakasaka manambala olembetsedwa m'maina a anthu ena. Wina akabwera ndi fotokope ya chiphaso cha munthu amene palibe n'kukulonjezani kangachepe, m'bwezeni. Apolisi akayamba kulondola nambalayo amakafika pakhomo pa gogo wa kumudzi amene sadziwa kanthu, ndipo akachoka kumeneko amabwera kwa amene anailembetsa.

3. Musasandutse kompyuta yanu nkhokwe ya makalata a anthu.

M'mashopu ambiri, mukangoyatsa kompyuta, pagalasi pamadzadza mafayilo: ma CV, makalata a chisudzulo, mapangano ogulitsana malo, malipoti a ndalama za mpingo. Kasitomala aliyense amene waima kumbuyo kwanu podikira ntchito yake amawerenga maina onsewo kwaulere. Tsegulani foda imodzi ya ntchito za tsikulo, ndipo musanatseke shopu fufutani zonse za m'menemo pamodzi ndi zimene zagwera mu Recycle Bin ndi mu Downloads. Kasitomala amene akufuna kuti mumusungire fayilo yake kuti adzaikonzenso anene yekha, ndipo mugwirizane kuti mwezi ukatha mudzaifufuta. Chabwino koposa n'kumuikira m'fulashi yake kapena kumutumizira pa foni yake.

Pali chizolowezi china chimene chimaoneka ngati luso koma n'cholakwika: kutsegula CV ya munthu wina kuti wobwera kumene aone kalembedwe kake. Pa CV pamakhala nambala ya foni, mudzi, mfumu, tsiku lobadwa ndi maina a anthu omuikira umboni. Konzani chitsanzo chanu chokhala ndi maina opeka.

Mapepala a kuchipatala musawawerenge n'komwe. Lamulo la HIV and AIDS (Prevention and Management) Act la 2018 limaletsa kuulula momwe m'thupi mwa munthu muliri iye asanavomere, ndipo lamulo la 2024 limaika nkhani za umoyo, chipembedzo, mtundu ndi ndale za munthu m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera. Mawu amodzi otayidwa pa bawo akhoza kuthetsa banja la munthu.

4. Kasitomala akalowa mu imelo kapena WhatsApp pa kompyuta yanu, onetsetsani kuti watulukamo.

Pasiwedi alembe yekha, inu mutayang'ana kumbali. Chrome ikafunsa ngati isunge pasiwediyo, yankho ndi ayi. Kutseka tsamba sikutuluka: amene analumikiza WhatsApp yake ku kompyuta yanu kuti atumize fayilo, mauthenga ake amapitiriza kufika pamenepo ngakhale iye atafika kale kwawo. Musonyezeni pa Linked devices m'foni yake kuti adule yekha asanatuluke pakhomo.

Agogo ndi ena osadziwa kuwerenga amene mumawatsegulira imelo kapena kuwalembetsera zinthu pa intaneti, alembereni pasiwedi pa kapepala apite nako. Musasiye buku la mapasiwedi a anthu m'dirowa. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money musaifunse ngakhale pothandiza, ndipo wina akayamba kuitchula mokweza m'duleni mawu, n'kumulangiza kuti aisinthe.

5. Okonza mafoni, gwirani chimene chawonongeka basi.

Apa ndi pamene pali mayesero aakulu, ndipo ndi pamene anthu ambiri apwetekedwa. Kusintha galasi, batire kapena poikira chaja sikufuna kuti mutsegule foni. Muuzeni kasitomala achotse simu khadi ndi memori khadi apite nazo, ndipo kuyesa ngati ntchito yatheka mudzachitire limodzi iye akabwera. Ngati vuto lili m'kati mwa mapulogalamu moti foni iyenera kutsegulidwa, gwirani ntchitoyo iye ali pomwepo. Musanaifulashe, m'fotokozereni momveka kuti zithunzi ndi manambala zidzafufutika, kuti asankhe yekha.

Wokonza foni amene amatsegula zithunzi za kasitomala, n'kukopera zina m'kompyuta yake kuti akaonetse anzake, wachita chinthu choipa kwambiri ngakhale zisanafike pa intaneti. Ndipo kawirikawiri zimafika. Mnzake mmodzi amapempha kuti amutumizire, n'kulumbira kuti sapatsa wina, koma pakutha pa sabata zili m'magulu a WhatsApp a boma lonse. Ovutika kwambiri ndi amayi ndi atsikana: ena amasiya sukulu, ena amathawa pa ntchito, ena maukwati amatha, pamene wofalitsayo akuyenda momasuka pa msika. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linaika chindapusa cha K2 miliyoni ndi ukaidi wa zaka 5 kwa wozunza mnzake kudzera pa kompyuta kapena foni, ndiko ku gawo 86. Munthu amene zamuchitikira asachite manyazi: asunge umboni wa mauthengawo ndipo apite kupolisi ku ofesi ya Victim Support Unit.

Mudzalandiranso bambo atanyamula foni ya akazi awo, kapena mayi atanyamula ya amuna awo, kupempha kuti muitsegule kapena muilumikize ku foni ina kuti aziona mauthenga. Adzakuuzani kuti foniyo anagula ndi iwo, ndipo mwina n'zoona. Komabe mauthenga a m'menemo ndi a mwini wake, ndipo kulowamo popanda chilolezo ndi mlandu pa gawo 84 la lamulo lomwe lija. Auzeni mwaulemu kuti, "Pepani bambo, ntchito imeneyi sitigwira pokhapokha mayi abwere okha." Nkhani za m'banja zili ndi ankhoswe ake.

Foni yobwera itatsekedwa ndi akaunti ya Google imene wobweretsayo saidziwa, ikayikireni. Funsani lisiti kapena katoni yake, ndipo lembani m'buku dzina la wobweretsa ndi nambala ya IMEI ya foniyo. Nambala imeneyi musaisinthe pa chifukwa chilichonse.

6. Phunzirani kukana ntchito zina.

Mnyamata adzabwera ndi satifiketi ya MSCE ya mkulu wake kuti muchotsepo dzina n'kuikapo lake, kapena musinthe 8 akhale 4. Wina adzafuna chidindo cha ofesi ya boma pa kalata imene walemba yekha, wina sitetimenti ya ku banki yonenepetsedwa kuti akapemphere viza, wina kalata ya dokotala yoti akapereke kuntchito. Pa Photoshop ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo amalipira bwino kuposa kutayipa tsiku lonse. Koma pa malamulo a milandu a dziko lino, kupanga chikalata chabodza ndi mlandu paokha, ndipo kuchigwiritsa ntchito ndi mlandu winanso. Wogwidwa nacho akafunsidwa kuti anamupangira ndani sachedwa kuloza. Olemba ntchito ambiri amafunsa ku MANEB kuti atsimikize satifiketi, choncho bodzalo silikhalitsa.

Chilango chokha sindicho chifukwa chokanira. Munthu wolowa ntchito ya unamwino kapena uphunzitsi ndi pepala labodza adzagwira odwala ndi ana enieni, mwina a m'banja mwanu momwe, ndipo malo amene watengawo anali a wina amene anakhoza moona.

N'chimodzimodzi ndi mapepala a mayeso obedwa. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa atayamba kale chifukwa mapepala anali ponseponse m'mafoni, ndipo ophunzira dziko lonse analembanso mu Januwale 2021. Ana amene sanaone pepala lililonse analangika pamodzi ndi akubawo, makolo n'kulipiranso zoyendera ndi zakudya. Wina akakubweretserani mafunso pa WhatsApp nyengo ya mayeso kuti mumupulintire, musawapulinte.

7. Nyimbo, mafilimu ndi mabuku zili ndi eni ake.

Woimba amalipira situdiyo, oimba zida ndi ojambula vidiyo. Inu mukaika nyimbo zake m'mafulashi 30 n'kulandira ndalama, iye osaona ngakhale tambala, mwadya thukuta lake. Lamulo limateteza ntchito ya munthu moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalira, choncho nyimbo za oimba amene anatisiya zikadali ndi ana ndi amasiye oyenera kudyapo. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limatolera ndalama zotere n'kugawira eni ake. Pitani mukafunse za chilolezo choyenera bizinesi yanu, ndipo pepalalo mulipachike poonekera. Kuchita fotokope buku lathunthu n'kumagulitsa kukugweranso m'gulu lomweli. Mabuku ndi odula, ndipo wophunzira wopempha masamba ochepa oti akawerenge ndi wosiyana ndi shopu younjika makope a buku lonse pa shelefu.

8. Tetezani makina anu, pakuti mukatero mwatetezanso anthu.

Fulashi imene yalowa m'makompyuta khumi imanyamula mavairasi, makamaka aja amabisa mafoda n'kusiya tizizindikiro tachabe. Ipimeni ndi antivairasi musanaitsegule. Mapulogalamu othyoledwa amene mumakopera kwa anzanu ndi akuba pa lamulo, komanso nthawi zambiri amabwera ndi zoipa zobisika zimene zimaba mapasiwedi. Ngati ndalama ya laisensi palibe, LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Dziwaninso kuti kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndi Windows 10 mu Okutobala 2025, kotero kompyuta yakale yolumikizidwa ku intaneti ili pangozi yaikulu.

Musaganize kuti akuba a pa intaneti ndi a kunja kokha. Mu Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowedwa ndi anthu amene ankafuna dipo, ndipo kwa masabata angapo anthu sanathe kulandira mapasipoti. Ikani pasiwedi pa kompyuta iliyonse, ndipo ya mwini shopu isiyane ndi ya antchito.

9. Ana musawachotse diso.

Kompyuta imene ana amasewererapo magemu iyang'ane poonekera. Musaike zolaula m'memori khadi ya mwana wa sukulu ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja. Chithunzi kapena vidiyo yolaula ya munthu wosakwana zaka 18 ndi mlandu waukulu kwambiri m'lamulo la Cyber Security la 2016 lija: gawo 85 linaika K10 miliyoni ndi zaka 15, ndipo kungoisunga kokha n'kokwanira kukumangitsani. Mukaipeza m'foni imene mukukonza, musaikopere ngakhale poti mukasonyeze ena. Dziwitsani apolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Aphunzitsi ndi atsogoleri a mabungwe amene amajambula ana n'kuika pa Facebook ayambe apempha makolo, chifukwa lamulo la 2024 limafuna chilolezo cha kholo pa mbiri ya mwana.

10. Ganizani kaye musanatumize.

Anthu amakhulupirira zochokera kwa "wa makompyuta", choncho bodza limene inu mwatumiza limathamanga kuposa la wina. Uthenga wonena kuti uje ndi mfiti, wopopa magazi kapena wakuba ana ukhoza kuphetsa munthu dzuwa lisanalowe. Zithunzi za ngozi ya pamsewu musaziike pa sitetasi: pali mayi amene angadziwe za imfa ya mwana wake kudzera pa foni yanu achibale asanafike kudzamuuza.

Gawo 87 la lamulo la Cyber Security la 2016 linaika K1 miliyoni ndi miyezi 12 kwa wotumiza mauthenga osokoneza mtendere wa mnzake popanda chifukwa chomveka. Mu Meyi 2024 bambo wina wa ku Mponela anagamulidwa kulipira K200,000 kapena kukhala m'ndende miyezi 6 chifukwa cha kavidiyo konyoza mtsogoleri wa dziko kamene anaika m'gulu la WhatsApp. Gulu la anthu 200 si kuchipinda. Kunena zoona, mawu a magawo ena a lamuloli ndi otambalala kwambiri, ndipo si bwino kuti azigwiritsidwa ntchito potseka pakamwa anthu odzudzula atsogoleri, pamene gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko limapereka ufulu wolankhula. Mu Julayi 2025 bwalo lalikulu la milandu linathetsa gawo 200 la malamulo a milandu, lomwe linkamangitsa anthu pa mlandu woipitsa mbiri, ndipo chinali chigamulo chabwino. Koma woipitsiridwa mbiri akhozabe kukusumirani kuti mum'lipire. Dzudzulani ntchito za atsogoleri molimba mtima, ndi mfundo zimene mungaikire umboni, ndipo matukwana muwasiye.

11. Aphunzitseni antchito anu.

Mwini shopu akhoza kusamala zonsezi, koma amene amakhala pa kompyuta tsiku lonse ndi mphwake kapena mnyamata waganyu. Khalani naye pansi tsiku loyamba, mumuwerengere mfundozi, ndipo zikuluzikulu muzilembe pa khoma kuti makasitomala nawonso azione. Wantchito akachoka, sinthani mapasiwedi onse tsiku lomwelo.

12. Zikavuta, nenani msanga.

Kompyuta ikabedwa, fulashi ya maina a mamembala ikasowa, kapena mukazindikira kuti wantchito watulutsa zinthu za kasitomala, musabise poopa kuti mbiri ya shopu iipa. Lamulo la 2024 limafuna kuti MACRA idziwitsidwe pasanathe maola 72, ndipo ngati eni mbiriwo ali pa chiopsezo nawonso auzidwe. Munthu wouzidwa lero akhoza kusintha nambala yake yachinsinsi ndi kuchenjeza banki ndalama zisanatuluke. Kanenaninso kupolisi, ndipo lembani tsiku, nthawi ndi zimene zatayika mukadakumbukira bwino.

13. Musagulitse kompyuta yakale musanaitsuke m'kati.

Kufufuta fayilo kumangochotsa dzina lake pa mndandanda, koma zolembedwazo zimatsala mpaka china chitalembedwa pamwamba pake, ndipo pali mapulogalamu aulere amene amazibweza mosavuta. Quick format nayonso sikwanira. Pa hadi disiki kapena fulashi chotsani chizindikiro pa Quick format kuti ifufute paliponse, ngakhale zitenge maola angapo. Pa Windows gwiritsani ntchito Reset this PC, musankhe kuchotsa zonse ndiponso kutsuka disiki. Pa foni, yambani mwatulutsa akaunti ya Google ndi ya WhatsApp, chotsani memori khadi, kenako muibwezere mmene inachokera ku fakitale. Makina aakulu a fotokope ena amakhala ndi hadi disiki m'kati imene imasunga masamba amene anadutsapo, choncho funsani makaniko aione musanawagulitse. Disiki imene yafa moti singatsukike, ichotseni, muiboole ndi msomali waukulu malo atatu kapena anayi, kenako mupereke zotsalazo kwa ogula zitsulo.